Shenbagam, Mphunzitsi Wopanda Kiyi

M'chaka cha 2017, dzuwa la Meyi litayamba kufooka ndipo mphepo yafumbi ili mkati mokuntha, Shenbagam anabwera kudzapempha ntchito pa sukulu yathu ya atsikana ku Kovilpatti. Linali Lachitatu, pa 7 Juni. Ine ndinali ndikuphunzitsa masamu pamenepo kuyambira 1986, ndipo ndinamupeza ataima pakhonde la ofesi, atavala sari yotuwa, mapepala ake ali m'jumbo. Mwamuna wake, amene ankayendetsa lole ya machesi, anali atamwalira pangozi chaka cha m'mbuyo mwake, n'kumusiyira apongozi aakazi odwala miyendo. Mapepala anali awiri okha: la kutaipa, ndi lina la kukashopu kumene anaphunzira kulemba makalata pa kompyuta.

Sukuluyo inali ya banja la a Sankaralingam, bambo wa mawu ofewa amene sankakana chinthu poyera. Anamulemba Shenbagam ngati mphunzitsi wongogwirizira. Ntchito yotere imatha mu Epulo, Meyi yense munthu salandira kanthu, ndipo Juni akafika amakaimanso pakhonde lomwe lija kupempha ngati mlendo.

"Mupirire pang'ono, amma," anatero a Sankaralingam, pomutchula mwaulemu ngati mayi. "Tili ndi mwana wathu wakale ku Singapore, Ponmalar. Akufuna kutigulira makompyuta, kenako adzalipira mphunzitsi wokhazikika. Malo amenewo ndi anu. Mukufuna ndilembe pamphumi panga?"

Ponmalar ndinamuphunzitsa ndine, ndipo sanali wolonjeza zabodza. Makompyuta anafikadi pa 14 Ogasiti 2018, khumi ndi awiri, mapulogalamu onse ofunika ataikidwamo kale. Anawakweza m'chipinda chapamwamba, anawafunditsa nsalu zobiriwira, pachitseko n'kupachikapo loko. Kiyi anakalowa m'kabati yachitsulo ya mu ofesi.

"Ayya, ndingatenge kiyi?" anafunsa Shenbagam sabata yotsatira. Ayya ndi mmene tinkatchulira bwana mwaulemu.

"Mwezi uno magetsi akudumphadumpha. Angapse."

Mwezi utatha anafunsanso.

"Atsikana anu aja? Manja ali noninoni ndi mafuta atsitsi! Dikirani ndipeze mapepala ophimbira mabatani."

Atafunsa kachitatu, a Sankaralingam ananena zoona zake. "Amma, chinthu cha mphatso sachigwiragwira. Ponmalar akadzabwera adzawapeze ali atsopano, adzadziwe kuti timasamala."

Motero Shenbagam anakhala mphunzitsi wa makompyuta wa choko ndi bolodi. Mu Juni 2019 a Sankaralingam anamupatsa buku latsopano la kalasi ya naini, la chiyankhulo cholamulira kompyuta chotchedwa Python, amvekere masukulu onse a m'tauni ayamba zimenezi. Shenbagam anali asanachionepo. Anapita kushopu ya pafupi ndi depoti ya mabasi kukafunsa ngati angayesere kumeneko, koma mwini shopu anamuyankha kuti iye amangochita fotokope ndi kudula matikiti a sitima. Foni yake inali ya mabatani. Chimene chinatsala ndi bukulo ndi mutu wake.

Nthawi ya nkhomaliro ankakhala pambali panga, mpunga wa chambiko uli kumanja, buku kumanzere.

"Akka, taonani apa," anatero tsiku lina. Ankanditchula choncho, ngati mkulu wake. Pa tsambalo panalembedwa b = b + 1.

"Limenelo ndi bodza," ndinatero. "Palibe nambala yofanana ndi iyo yomwe utaiwonjezera imodzi. Wolemba bukuli akanakhala m'kalasi mwanga ndikanamukhoma ndi rula."

"Ayi, Akka, mwakalamba ndi masamu anuwo. Chizindikiro chikakhala chimodzi si funso, ndi lamulo: tenga ichi, ika umu. Ukafuna kufunsa ngati zinthu zikufanana umalemba ziwiri."

"Ndiye kompyuta yako ndi yogontha, mpaka kuifunsa kawiri?"

Anaseka mpaka kutsamwa. Nthawi imeneyo ankasekabe.

Kalasi yake inali yoyandikana ndi yanga, ndipo khoma lake silinkafika kudenga, choncho ndinaphunzira Python mosafuna. Pophunzitsa mndandanda ankaimika atsikana asanu kutsogolo n'kunena kuti kompyuta imayamba kuwerenga pa ziro, osati pa wanu. Woyamba pamzere tsiku loyamba anali Isakkiammal, kamtsikana kakamwa kwambiri.

"Ine ndine ziro, Aphunzitsi? Ndili pano ndi mphuno yanga yonseyi?"

"Ndiwe ziro, ndipo ndiwe woyamba. Khala chete."

Dzina linamukakamira. Mpaka anamaliza sukulu anzake akumuitana kuti Ziro.

Mawu otsekeredwa m'mitengero, amene bukulo linkati ndi chingwe cha zilembo, ankawafanizira ndi maluwa oyera amene atsikana amamanga kutsitsi. Ukamanga wamanga, sungachotse duwa lapakati n'kuikapo lina, koma kumanga chingwe chatsopano. Mndandanda ankati ndi dengu la kumsika, umaponyamo ndi kuchotsamo mmene wafunira. Ankawauzanso kuti 9 ndi wochepa kwa 10, koma ukawatsekera m'mitengero asanduka zilembo, ndipo kompyuta imayerekeza chilembo choyamba ndi choyamba chinzake ngati mu dikishonale, motero "9" amaposa "10".

"Munaziona ndi maso, Aphunzitsi?" anafunsa Ziro.

"Buku likutero."

"Nanga buku linaziona?"

Phunziro limene ankalikonda koposa linali la makapu awiri achitsulo. Ankalemba a = 5, kenako b = a, kenako b = b + 1. Ankathira madzi ofanana m'makapu onse, n'kuwonjezera mu yachiwiri yokha. "Yoyamba yasintha?" Atsikana onse: "Ayi!" Pa nambala zimenezi n'zoona. Pa zingwe za zilembo n'zoonanso. Bukulo silinanene kanthu za mmene zimakhalira ndi mndandanda, ndiye Shenbagam anaganiza monga munthu aliyense wanzeru akanaganizira: ukalemba b = a wapeza madengu awiri, ukaponya tsabola mu lachiwiri loyamba silidziwa. Anaphunzitsa choncho chaka ndi chaka. Sanakayikepo, ndipo chimene munthu sakuchikayika sachifufuza.

Chipinda chapamwamba chinkatsegulidwa kamodzi pachaka, pa Ayudha Puja, tsiku lolemekeza zida zantchito. Aphunzitsi tinkaitanidwa ngakhale kuli tchuthi. Basi ya sukulu inkatsukidwa, belu linkapukutidwa, ndipo makompyuta ankavulidwa nsalu zawo. Shenbagam ndiye ankawapukuta, kuwadontheza phala lonunkhira la mtengo wa sandalo ndi ufa wofiira pamphumi, n'kuwaveka nkhata za maluwa. Pa 7 Okutobala 2019 ndinali naye m'chipindamo. Atamaliza kuveka yomaliza, chala chake chinapita pa batani loyatsira.

"Amma!" A Sankaralingam anali pakhomo ndi mbale ya mbuluuli za mpunga. "Lero zida zimapuma. Mukufuna kutiitanira tsoka?"

"Ndiye mawa, Ayya. Mawa paja ndi tsiku loyambira maphunziro atsopano."

"Mawa ndili ku ukwati ku Madurai. Tengani mbuluuli."

Madzulo loko anabwerera. Tsiku lokhalo limene chitseko chinkatseguka linali tsiku limene mwambo umaletsa kugwira chida, ndipo a Sankaralingam ankadziwa bwino zimenezo.

Masukulu atatsekedwa ndi mliri mu Malichi 2020, ogwirizira anaiwalika. Shenbagam ankakulunga maswiti a mtedza kufakitale ina mpaka makalasi anatsegulidwanso, n'kukaimanso pakhonde lija. Ine ndinapuma pantchito pa 31 Meyi 2022, koma nyumba yanga ili panjira yake, ndipo ankaima kumwa khofi asanakasambitse apongozi. Chaka chilichonse nkhani inali yomweyo.

"Wafunsanso kiyi?"

"Chaka chino ati makoswe angalowe chitseko chikamatsegukatseguka."

"Khoswe wamkulu ali mu ofesi."

"Akka, musamatero. Ndi amene anandilemba ntchito wina aliyense atandikana."

Pongal wa 2024, chikondwerero cha zokolola, ali pafupi, uthenga unafika woti Ponmalar akubwera kudzaona makolo ake ndipo adzafika pasukulu Lachisanu, pa 19 Januwale. A Sankaralingam anamuitana Shenbagam.

"Tsiku lanu lakwana, amma. Ponmalar wanena kuti za madigiri alibe nazo ntchito. Akufuna kuona phunziro limodzi basi, pa makina ake. Akakhutira, ntchito yokhazikika ndi yanu."

Lachinayi chipinda chinatsegulidwa kuti wamagetsi ayese mawaya. Shenbagam anapempha a Sankaralingam ola limodzi kuti akhale pa kompyuta payekha.

"Nanga kolamu, maluwa a ufa aja a pageti, ajambula ndani? Nyimbo yolandirira mlendo aphunzitsa ndani? Mawa mudzakhala nawo tsiku lonse."

Anagwada pageti mpaka dzuwa kupendeka, akujambula maluwa ndi ufa wa mpunga. Pamene ankamaliza, wamagetsi anali atapita ndipo loko anali pachitseko.

Ine ndinaitanidwa chifukwa mlendoyo anali mwana wanga wa m'kalasi. Ponmalar anabwera wopanda matama, anandigwira mapazi pondipatsa ulemu, anakana mpando wa ulemu n'kukaima kumbuyo kwa atsikana. Shenbagam anakhala pa kompyuta yapakati, atsikana a kalasi ya naini atamuzungulira. Manja ake anali a wotaipa, ndipo atangokhudza mabatani anakhazikika.

Anayamba ndi mndandanda wa mayina, n'kufunsa kompyuta dzina la pa ziro. Inatulutsa dzina loyamba. Anayesa kusintha chilembo chapakati pa chingwe, kompyuta inakana ndi mawu ofiira, monga ankanenera. Analemba "9" > "10".

"Iyankha chiyani?"

"Zoona!" anakuwa atsikana.

Pagalasi panatuluka True, kutanthauza zoona. Atsikana anaomba m'manja ngati aona matsenga. Ine ndinkayang'ana nkhope ya Shenbagam. Zaka zonsezi ankalankhula m'malo mwa chinthu chimene sanachimvepo chikulankhula, ndipo lero chinali kumuvomereza. Ponmalar ankamwetulira. Akanalekera pomwepo bwenzi nkhani ino ili ina. Koma mphunzitsi sasiya phunziro limene amalikonda.

Anachita za makapu ndi nambala, zinayenda. Kenako anati, "Tsopano madengu." Analemba a = ["mpunga", "mchere"], pansi pake b = a, pansi pakenso b.append("tsabola"), kutanthauza kuponya tsabola mu b.

"Mu dengu loyamba muli zinthu zingati?"

"Ziwiri!" Anayankha onse pamodzi, mwamphamvu, monga anawaphunzitsira.

Analamula kompyuta kuti ionetse a. Munali mpunga, mchere ndi tsabola.

Shenbagam anaweramira pagalasi. "Ndalakwitsa potaipa," anatero. Anafufuta zonse n'kulembanso pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi. Tsabola anali momwemo. Mtsikana wina kumbuyo ananong'ona kuti, "Tsabola wadumpha mpanda," ena n'kuseka motsekereza pakamwa. A Sankaralingam anatsokomola n'kunena kuti mwina makinawo agwidwa chinyezi.

"Makina ali bwino," anatero Ponmalar mofatsa. Anasendera pafupi. "Aphunzitsi, mukalemba b = a simunaluke dengu lachiwiri. Mwangolipatsa dengu lomwelo dzina lina. Zili ngati ine: amayi amati Ponnu, kuntchito amati Ponmalar. Mukammeta Ponnu, Ponmalar sakhala ndi tsitsi. Pa nambala paja munapatsa b nambala yatsopano, n'chifukwa chake a sanasinthe. Apa mwaponya chinthu m'dengu la onse awiri. Mukafuna lachiwiri mumalemba b = a.copy()."

Shenbagam anagwedeza mutu. Ndinaona kuti wamva nthawi yomweyo, ndipo kumvako ndiko kunamupweteka.

"Aliyense amagwa pamenepa sabata yoyamba," anapitiriza Ponmalar. "Inenso ndinagwapo. Koma munthu amangoyesa kamodzi n'kuona. Mwakhala mukuphunzitsa zimenezi kuyambira liti?"

"2019."

"Osayesapo n'kamodzi komwe?"

Shenbagam anatsegula pakamwa, koma a Sankaralingam anamutsogolera.

"Kiyi amakhala mu ofesi tsiku lililonse. Mphunzitsi aliyense akhoza kutenga. Si choncho, amma?"

M'chipindamo munali atsikana makumi anayi amene ankadziwa zoona. Onse anayang'ana mphunzitsi wawo. Shenbagam anayang'ana mabatani.

"Ndi choncho, Ayya," anatero.

Pa nthawi ya tiyi ndinamukokera Ponmalar pakhonde n'kumuuza za loko, za makoswe, za mafuta atsitsi, zonse.

"Ndadziwa kale, Aphunzitsi," anayankha. "Mabatani sanafufutike ngakhale limodzi, ndipo m'mipata mwake mwadzaza sandalo wouma. Makompyuta anga akhala akupembedzedwa, osati kugwiritsidwa ntchito."

"Ndiye ukudziwa kuti mlandu si wake."

"Si wake. Koma ndinamufunsa pamaso pa ana, ndipo anasankha kuteteza bwana. Ndikamusiyira chipindachi, mawa bamboyu akatsekanso, adzandiuza? Ndikufuna munthu amene angamenye chitseko."

"Womenya chitseko ndi amene ali ndi kwina kokadya, mwana iwe."

Anandiyang'ana mwaulemu, monga ana ophunzira amayang'anira nkhalamba, ndipo sanasinthe maganizo.

Madzulo amenewo Shenbagam anafika kwanga koma khofi sanamwe. Ndinamufunsa chifukwa chimene anavomerera bodza.

"Akka, ndinaganiza kuti ndikawaphimba manyazi andikumbukira. Ndinati Ponmalar akwera ndege Lamlungu, koma Ayya atsala pompano."

"Ndiye akukumbukira?"

"Andiuza kuti ndawachititsa manyazi pamaso pa mlendo."

Kenako anati, "Si ntchito yokha. Makalasi asanu, Akka. Ana onse aja ali kunjaku ndi madengu awiri m'mutu. Ena ali ku koleji. Adzakweza dzanja molimba mtima, adzasekedwa, ndipo adzati anatiphunzitsa ndi Shenbagam."

Ponmalar asananyamuke anaika malamulo ake. Chipinda chizitsegulidwa tsiku lililonse, apo ayi makina apita kusukulu ina. Ntchito yokhazikika ilengezedwe, ndipo wofunsira akhale ndi digiri ya makompyuta. Lolemba pa 22 Januwale a Sankaralingam anatulutsa kiyi m'kabati n'kumupatsa Shenbagam ndi manja awiri, ngati akupereka mphotho.

"Ine ndinkafuna inuyo, amma, Mulungu ndi mboni. Koma mwini chuma waona yekha ndi maso ake. Ndingatani ine?"

Motero kiyi anamupeza ntchito itamuthawa kale. Miyezi itatu yotsalayo ankafika m'mawa wosesa asanabwere. Anadutsa buku lonse pa kompyuta, tsamba ndi tsamba, ndipo anapeza zolakwa zina ziwiri zazing'ono zimene ankaphunzitsa. Anaimirira pamaso pa kalasi n'kuzikonza zonse zitatu, osadzikhululukira. Atsikana akale amene ankakumana nawo pamsika kapena pakachisi ankawaimitsa. Ziro, amene tsopano anali ku koleji ya unamwino, anadzandiuza yekha akuseka.

"Andigwira dzanja pogula anyezi, amvekere, ‘Isakki, madengu aja ndi limodzi.’ Ine ndati, ‘Aphunzitsi, ine ndikubaya anthu jakisoni, madengu ati?’ Koma sanandisiye mpaka nditabwereza."

Ziro ankaseka, koma ine sindinaone choseketsa.

Ntchito inapatsidwa kwa Nivedha, mtsikana wa ku Sattur wa digiri yake ndi laputopu yake. Ndilibe naye chifukwa. Ndikumva kuti amaphunzitsa bwino. Shenbagam anapempha kuti atsale ngakhale ngati womuthandiza, koma anauzidwa kuti chipinda chimodzi sichifuna aphunzitsi awiri. Mlamu wake anamupezera malo ku Tiruppur, kufakitale ya malaya amkati, kodula ulusi wotsalira pa zosokedwa.

Lachiwiri pa 30 Epulo sukulu inamutsanzika pa asembule. A Sankaralingam anamufunditsa shawelo yonyezimira paphewa, monga timachitira ndi anthu olemekezeka, ndipo analankhula nthawi yaitali. Anamutcha mayi wa makompyuta pasukulupo. Anati anali chitsanzo cha kupirira, ndipo atsikana atengerepo phunziro. Atsikana anaomba m'manja chifukwa anauzidwa kutero. Shenbagam anapatsidwa mpata woti alankhule, anangoti zikomo n'kukhala pansi.

Ndinawaperekeza kudepoti, iye ndi apongozi ake, ndi masutikesi awiri ndi chitofu chomangidwa m'chiguduli. Kondakitala anadandaula za katundu, Shenbagam n'kumuyankha mokalipa mpaka mwamunayo anakweza yekha chitofucho. Sindinamumvepo akukalipira munthu chotero. Atawakhazika apongozi pampando, anatulutsa shawelo ija m'chikwama n'kuwakulunga nayo miyendo yotupayo kuti isagunde chitsulo. Ndinamuuza kuti azindiimbira. Anati adzayesa, koma kufakitale salola mafoni.

Basi inanyamuka dzuwa lisanatenthe. Linali Lachinayi, pa 2 Meyi 2024.